Musangomva zoti "kafukufuku wapeza": mutha kukamuona nokha pa foni yanu

Mawu akuti "akatswiri apeza" kapena "kafukufuku waonetsa" asanduka chidindo cha uthenga uliwonse wa zaumoyo umene umazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook. Lero ndi chammwamba chotsitsa BP, mawa ndi mandimu ochiza khansa, mkuja ndi katemera amene akuti akulepheretsa atsikana kudzabereka. Uthengawo sunena kuti akatswiriwo ndi ati, adafufuza liti, kuti, komanso pa anthu angati. Wolandira amangotsala ndi zinthu ziwiri, kukhulupirira kapena kukana, ndipo ena amafika posiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha uthenga wotere.

Pali njira yachitatu, yomwe ndi kukaona nokha. Kafukufuku weniweni wa zachipatala amasindikizidwa m'magazini a akatswiri, ndipo mitu ndi chidule cha zimene zasindikizidwa zimasungidwa m'nkhokwe za pa intaneti zomwe aliyense angathe kutsegula. Kale wophunzira unamwino wokhala ku Chigumula ankayenera kukwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kukwera ina yokatsika pa Ginnery Corner, kuti akafike ku laibulale ya sukulu ya madokotala. Lero zambiri mwa zimene ankakafuna kumeneko angazipeze atakhala pakhonde. Chovuta n'chakuti nkhokwezi sizimva Chichewa, ndipo ngakhale Chingerezi cha tsiku ndi tsiku zimachimva mwa apo ndi apo. Wozifunsa molakwika zimamupatsa malipoti 40,000 kapena osamupatsa kanthu, ndipo amachokapo bandulo itatha.

Nkhokwe zake ndi ziti?

Yoyamba kuidziwa ndi PubMed. Imayendetsedwa ndi National Library of Medicine, laibulale ya boma la America, ndipo idatsegulidwa kwa aliyense mwaulere mu 1997. Muli mitu ya malipoti a kafukufuku oposa 35 miliyoni. Simufunika kulembetsa kapena kutsitsa pulogalamu iliyonse. Chimene PubMed imakuonetsani ndi mutu wa lipoti, maina a olemba, chaka, ndi chidule chomwe pa Chingerezi amati abstract. Lipoti lathunthu nthawi zina limakhala laulere, makamaka likasungidwa mu PubMed Central yomwe idayamba mu 2000, ndipo nthawi zina limakhala kwa eni magazini amene amafuna ndalama.

Kwathu kuno tili ndi Malawi Medical Journal, magazini imene imakonzedwa mu Blantyre ndi Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS, pamodzi ndi Medical Association of Malawi. Ndi yaulere, ndipo malipoti ake amapezeka mu PubMed komanso pa African Journals Online, nkhokwe yomwe idayamba mu 1998 yosonkhanitsa magazini a mu Africa. Nkhokwe yachiwiriyi musaiiwale, chifukwa magazini ambiri a mu Africa sadalowe mu PubMed. Google Scholar nayo imathandiza, makamaka mukafuna zolemba za ophunzira a kuyunivesite ndi malipoti a mabungwe, koma ili ngati khoka: imakoka chambo, usipa, nkhanu ndi zinyalala zomwe, kusankha n'kwanu.

Musaganize kuti m'nkhokwezi muli za azungu zokhazokha. Mu 1989 madokotala a pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe ambiri timangochitcha Gulupu, motsogozedwa ndi Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, adasindikiza njira yoyezera kukula kwa chikomokere cha mwana wodwala malungo a muubongo. Njirayo imatchedwa Blantyre Coma Score ndipo ikugwirabe ntchito m'maiko ambiri. Mu 2015 ofufuza a pachipatala chomwechi, pogwiritsa ntchito makina ojambula ubongo a MRI, adaonetsa m'magazini ya New England Journal of Medicine kuti kutupa kwa ubongo ndi kumene kumapha ana ambiri otere: mwa ana 25 amene adamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Makolo a kuno komwe ndiwo adalola kuti ana awo alowe m'kafukufukuyo, ndipo n'koyenera kuti nawonso azidziwa kumene zotsatira zake zimasungidwa.

Konzani funso musanagwire foni

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kulemba funso lonse ngati akufunsa munthu, kapena kulemba liwu limodzi lokha monga malaria. Njira yoyamba imasokoneza makina, yachiwiri imakugwetserani nkhokwe yonse pamutu.

Tiyerekeze mayi wogulitsa ndiwo pamsika wa Chigumula amene adampeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Anthu otere ndi ambiri: kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 adapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa. Mayiyu wauzidwa kuti ufa wa chammwamba ungalowe m'malo mwa mapiritsi ake, ndipo mwana wake akufuna kudziwa zoona zake. Funso la mwanayo lili ndi zigawo zinayi. Wodwala ndani? Munthu wamkulu wa BP yokwera. Chikuyesedwa n'chiyani? Chammwamba. Tikuchiyerekeza ndi chiyani? Mapiritsi, kapena kusamwa kanthu. Tikufuna kuona chiyani? Kutsika kwa BP, ndipo koposa apo, kupewa sitiroko. Ophunzira zachipatala amaphunzitsidwa kagawidwe kameneka ndi dzina loti PICO. Polemba m'nkhokwe simulemba zigawo zonse zinayi. Ziwiri zikuluzikulu zimakwanira, zinazo zimakuthandizani posankha zoti muwerenge.

Kenako pamabwera ntchito yeniyeni, yopeza mawu amene ofufuza amagwiritsa ntchito. Chammwamba ndi Moringa oleifera. Nimu ndi Azadirachta indica, gondolosi ndi Mondia whitei. Mitengo ndi zitsamba zimafunika dzina la sayansi, lomwe mungalipeze mosavuta pa Google. Matenda nawo ali ndi maina awo. Mukalemba BP, PubMed idzakupatsani mulu wa malipoti a za chibadwa cha zamoyo, chifukwa kwa akatswiri a kumeneko zilembo ziwirizo zimatanthauza china. Liwu loyenera ndi hypertension. Mukalemba sugar mudzapeza za shuga wothira mu tiyi, pamene matenda a shuga ndi diabetes. Likodzo ndi schistosomiasis, khunyu ndi epilepsy, mashingozi ndi herpes zoster, chifuwa chachikulu ndi tuberculosis, khansa ya khomo la chiberekero ndi cervical cancer.

Liwu loti malungo lili ndi msampha wake. Pa Chichewa timati malungo ngakhale thupi likangotentha ndi kuphwanya, pamene kwa ofufuza malaria ndi matenda a tizilombo tofalitsidwa ndi udzudzu basi. Ngati mwana adayezedwa magazi n'kupezeka alibe tizilomboto, chimene mukufufuza ndi fever, osati malaria.

Mankhwala nawonso ali ndi maina awiri, la pamsika ndi la sayansi. LA ndi artemether-lumefantrine, Fansidar kapena SP ndi sulfadoxine-pyrimethamine, Bactrim ndi cotrimoxazole, Panado ndi paracetamol. Dzina la sayansi limalembedwa pa paketi, kawirikawiri m'zilembo zing'onozing'ono pansi pa dzina lalikulu. Limenelo ndiye lembani.

PubMed imakuthandizaniko pang'ono pa nkhani ya mawuyi. Ili ndi mndandanda wa mawu ovomerezeka wotchedwa MeSH, umene udayamba mu 1960, ndipo malipoti ambiri amapatsidwa zizindikiro kuchokera m'mndandandawu malinga ndi zimene akukamba. Mukalemba high blood pressure, makina amadziwa okha kuti afufuzenso hypertension. Mukalemba paracetamol amafufuzanso acetaminophen, dzina limene a ku America amatchulira mankhwala omwewo. Mukatsegula lipoti lomwe lakugwirani mtima, tsikani pansi penipeni pa tsamba, mudzaona mawu a MeSH amene lidapatsidwa. Atengeni mawuwo mufufuzirenso. Ndi njira yachidule yophunzirira chilankhulo cha nkhokweyo popanda mphunzitsi.

Mawu atatu ang'onoang'ono

Nkhokwe zambiri zikuluzikulu zimamva mawu atatu a Chingerezi, AND, OR ndi NOT, olembedwa m'zilembo zikuluzikulu. AND amachepetsa. Mukalemba Moringa oleifera AND hypertension, mukupempha malipoti okhawo amene ali ndi zonse ziwiri. OR amachulukitsa, ndipo ntchito yake ndi kulumikiza mawu ofanana tanthauzo, monga bilharzia OR schistosomiasis. PubMed imawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, choncho yambani ndi mawu ofananawo, AND abwere pambuyo: bilharzia OR schistosomiasis AND Malawi. Mukakhala ndi magulu awiri a mawu ofanana, gulu lililonse litsekereni m'mabulaketi ake monga tinkachitira pa masamu kusukulu.

NOT amachotsa, ndipo Amalawi tili ndi chifukwa chapadera chomudziwira. Nsomba za m'nyanja yathu, makamaka mbuna, n'zotchuka kwambiri kwa akatswiri a sayansi ya zamoyo, moti mukafufuza liwu loti Malawi pamodzi ndi mawu monga diet kapena parasite, pakati pa malipoti a anthu pamatulukanso a nsomba. Kuonjezera NOT cichlid kumazibweza m'madzi. Koma NOT ndi chikwanje, samasankha: lipoti labwino lomwe langotchula liwulo kamodzi limapita nalo limodzi. Mugwiritseni ntchito pokhapo pamene zinyalala zachuluka.

Pali tizinthu tina tothandiza. Kanyenyezi kumapeto kwa tsinde la liwu kamagwira mawu onse ochokera pa tsindelo, moti pregnan* amapeza pregnant, pregnancy ndi pregnancies. Mawu oikidwa pakati pa zizindikiro zogwira mawu, monga "sickle cell", amafufuzidwa momwe alili, koma mukatero PubMed imasiya kukufufuzirani mawu ena ofanana nawo. Malipoti olembedwa chisanafike chaka cha 1964 amati Nyasaland. Ndipo Blantyre aliponso ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, choncho ndi bwino kuonjezera Malawi.

China chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti liwu loti Malawi limagwiranso adiresi ya wolemba. Kafukufuku wochitikira ku Vietnam akhoza kutuluka chifukwa mmodzi mwa olemba ake amagwira ntchito ku Blantyre. Kuti mupewe zimenezi, tsegulani pamene alemba Advanced, musankhe Title/Abstract, kenako mulembe Malawi. Makina adzangofufuza m'mutu ndi m'chidule.

Zotsatira zikatuluka, pa foni pamakhala batani lolembedwa Filters. Pamenepo mutha kusankha malipoti a zaka 5 kapena 10 zapitazi, aulere okhaokha, a anthu osati nyama, komanso mtundu wa kafukufuku. Mwana wa mayi wa ku Chigumula uja akalemba Moringa oleifera AND hypertension adzapeza mndandanda wooneka wolimbikitsa. Akasankha Humans, n'kusankhanso Randomized Controlled Trial, mndandandawo udzafota n'kutsala malipoti ochepa a anthu owerengeka. Ambiri mwa oyamba aja ndi a makoswe ndi a m'mabotolo a mulabotale. Masamba a chammwamba ndi ndiwo zabwino, palibe akutsutsa. Koma umboni woti munthu asiye mapiritsi a BP chifukwa cha iwo mulibe m'mndandandawo.

Kafukufuku salemera mofanana

Mankhwala opha tizilombo m'botolo sanachize munthu. Ngakhale Jik amapha tizilombo m'botolo. Khoswe naye si munthu, ndipo mlingo umene amapatsidwa nthawi zambiri umakhala waukulu kuposa umene munthu angamwe. Mawu akuti in vitro, rats kapena mice m'mutu wa lipoti akukuuzani kuti nkhaniyo ikadali koyambirira. Lipoti la wodwala mmodzi, lomwe amati case report, limathandiza madokotala kukhala tcheru, koma silingatsimikize kuti mankhwala amachiza.

Pamwamba pa amenewa pali kafukufuku wongoyang'ana zimene zikuchitikira anthu popanda ofufuza kusinthapo kanthu. Chitsanzo chabwino mungachipeze polemba limodzi mwa mawu ochepa a Chichewa amene PubMed imawadziwa, mwanamphepo. Mudzapeza lipoti la mu 2018 lochokera ku Mchinji, lomwe lidapeza kuti amayi amene adamwa mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda a kubereka adakumana ndi zovuta zambiri, iwo ndi ana awo, kuposa amene sadamwe. Ili ndi chenjezo lofunika kulimvera. Komabe kafukufuku wa mtunduwu amasiya funso: kodi mankhwalawo ndi amene adabweretsa zovutazo, kapena amayi amene zinkawavuta kale, kapena okhala kutali ndi chipatala, ndi amene ankamwa kwambiri? Ofufuza abwino amavomereza okha malire otere, ndipo mudzawapeza chakumapeto kwa lipoti pamene pali liwu loti limitations.

Njira yotseka funso limenelo ndi kugawa anthu mwamaere, gulu lina lilandire chimene chikuyesedwa, lina lisalandire. Ameneyu ndiye randomized controlled trial. Kuyambira mu 2018, ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa adagawidwa motero. Theka lidalandira katemera watsopano wa taifodi, theka lina katemera wa matenda oumitsa khosi, ndipo makolo ngakhale madokotala owayeza sankadziwa kuti mwana uyu walandira uti. Zotsatira zidatuluka mu 2021: katemerayo adachepetsa taifodi ndi pafupifupi 80 peresenti, kutanthauza kuti pamene pakadadwala ana 100 padadwala pafupifupi 20. Lipoti lina la mu 2024 m'magazini ya The Lancet lidaonetsa kuti patatha zaka zoposa 4 chitetezocho chinali chikadali pa 78 peresenti. Boma lidayamba kupereka katemerayu m'dziko lonse mu May 2023. Lembani typhoid conjugate vaccine AND Malawi ndipo mudzaziona nokha zonsezi.

Pamwamba penipeni pali systematic review, pamene akatswiri amasonkhanitsa kafukufuku yense wochitidwa pa funso limodzi, n'kutaya wofooka, n'kuphatikiza zotsatira za wotsalayo. Odziwika bwino pa ntchitoyi ndi bungwe la Cochrane, lomwe lidayamba mu 1993. Tsamba lawo, Cochrane Library, lili ndi chidule cha lipoti lililonse m'Chingerezi chosavuta, chaulere kwa aliyense. Lipoti lawo la mu 2018 lonena za maneti onyikidwa m'mankhwala lidaphatikiza kafukufuku 23 n'kupeza kuti manetiwa amachepetsa imfa za ana ndi 17 peresenti poyerekeza ndi kugona popanda neti. Ngati bandulo yanu ndi yochepa, yambirani pamenepa. Lipoti limodzi lotere limakupulumutsani ku malipoti makumi awiri amene simukadawamaliza.

Poona manambala, funsani nthawi zonse kuti ndi anthu angati mwa angati. Mawu akuti chiopsezo chawirikiza kawiri amaopsa, koma kuchoka pa munthu 1 kufika pa 2 mwa anthu 10,000 n'kosiyana kwambiri ndi kuchoka pa 10 kufika pa 20 mwa anthu 100.

Nkhani ya chloroquine ku Ndirande

Munthu akhoza kufufuza bwino, kupeza kafukufuku wabwino, koma n'kusocherabe. Nkhani ya chloroquine ikuonetsa mmene zimachitikira.

Kwa zaka zambiri chloroquine ndiye anali mankhwala a malungo m'nyumba iliyonse, opezeka ngakhale pagolosale. Tizilombo ta malungo tidazolowera mankhwalawa mpaka adasiya kuchiza ana ambiri, ndipo mu 1993 dziko la Malawi lidakhala loyamba mu Africa kuwasiya n'kuyamba kugwiritsa ntchito SP. Kenako padachitika chinthu chomwe ambiri sankachiyembekezera. Tizilombo tosamva chloroquine timakhala tofookerapo pamene mankhwalawo palibe, choncho chloroquine atachoka, tizilombo tomva mankhwala tidachulukanso n'kulanda malo. Ofufuza adayesa zimenezi pa ana 210 a pachipatala cha Ndirande, owagawa mwamaere. Lipoti lawo lidatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2006, lolembedwa ndi Miriam Laufer ndi anzake: chloroquine adachiza ana 99 mwa 100 alionse, pamene SP adachiza 21 okha.

Taganizirani munthu amene walemba chloroquine AND Malawi n'kukumana ndi lipotili. Lili ndi zizindikiro zonse za kafukufuku wodalirika. Magazini yake ndi imodzi mwa zolemekezeka kwambiri padziko lonse, ana adagawidwa mwamaere, ndipo zidachitikira pa Ndirande pompa. Akangowerenga mutu ndi manambala awiriwo, akhoza kuthamangira kukafuna chloroquine mwana akatentha thupi. Akhala atalakwitsa. Olemba eni ake sadanene kuti anthu abwerere ku chloroquine payekha. Tizilombo tosamva mankhwalawa tinali tikadali m'maiko oyandikana nafe, ndipo anthu ndi udzudzu sizifunsa chiphaso pa Mwanza kapena pa Muloza. Chloroquine akadabwerera m'magolosale, tizilomboto tikadachulukanso. Chimene lipotilo lidaonetsa poyera n'chakuti SP watha mphamvu yochiza, ndipo mu 2007 boma lidasinthira ku LA, mankhwala ophatikiza mitundu iwiri kuti tizilombo tivutike kuwazolowera. SP adatsalira ntchito ina, yoteteza amayi oyembekezera kusikelo.

Wofufuza wochenjera akapeza lipoti la mu 2006 amafunsa kuti pambuyo pake padachitika chiyani. PubMed imayankha funso limeneli pansi pa chidule chilichonse. Pamene alemba Cited by pali malipoti atsopano amene adatchula lipotilo, kaya povomereza kapena potsutsa, ndipo pa Similar articles pali ena okamba nkhani yomweyo. Mutha kusinthanso kasanjidwe ka zotsatira kuchoka pa Best match kupita pa Most recent. Ndipo pa funso loti wodwala amwe chiyani lero, yankho silikhala m'lipoti limodzi. Limakhala m'buku la Unduna wa Zaumoyo la Malawi Standard Treatment Guidelines ndi m'malangizo a WHO, momwe akatswiri adayeza kale kafukufuku yense pamodzi ndi mtengo wa mankhwala, kupezeka kwake, ndi zimene zikuchitika m'maiko oyandikana nafe.

Kupezeka mu PubMed sikutanthauza kuti lipoti ndi loona. Mu 1998 The Lancet idasindikiza lipoti la Andrew Wakefield la ana 12 lomwe linkaloza chala katemera wa chikuku wa MMR pa vuto la ubongo la autism. Zidadziwika pambuyo pake kuti kafukufukuyo adachitika mwachinyengo. Magaziniyo idalichotsa lipotilo mu 2010, ndipo chaka chomwecho Wakefield adalandidwa chiphaso cha udokotala ku Britain. Mutu wake ukadalimo mu PubMed, koma pamwamba pake pali chenjezo lakuti Retracted, kutanthauza kuti lidakanidwa. Mauthenga a pa WhatsApp amene amalitchulabe sanena za chenjezolo.

Zinthu zina ziwiri zimaoneka msanga mukatsegula lipoti lathunthu. Kafukufuku wochitidwa pa anthu ayenera kunena komiti imene idamuvomereza. M'malipoti ambiri a ku Malawi mudzaona dzina la COMREC, komiti ya ku sukulu ya madokotala, kapena NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo. Chakumapeto kumalembedwa amene adapereka ndalama. Ngati wolipira kafukufuku ndi yemweyo amene akugulitsa mankhwalawo, werengani maso ali gwa. Dziwaninso kuti pali magazini ena a pa intaneti amene amasindikiza chilichonse bola wolemba walipira, ndipo otere amapezeka kwambiri pa Google Scholar.

Masiku ano ambiri akufunsa ChatGPT kapena Meta AI ya pa WhatsApp. Zidazi zimathandiza kupeza liwu la Chingerezi la matenda, kapena kufotokoza chidule chovuta m'mawu osavuta. Koma zimatha kupeka lipoti lomwe kulibe, lokhala ndi mutu, olemba ndi chaka zooneka zenizeni. Zikakupatsani lipoti, koperani mutu wake muuike mu PubMed kapena Google Scholar. Ukapanda kutuluka, musaudalire.

Akakuuzani kuti mulipire

Magazini ena amafuna madola 30 kapena 40 pa lipoti limodzi. Musalipire msanga. Choyamba, onani ngati pansi pa mutu pali mawu akuti Free PMC article. Kafukufuku wambiri wa ku Blantyre ndi waulere chifukwa mabungwe omulipirira, monga Wellcome amene amathandiza Malawi-Liverpool-Wellcome Programme pa Gulupu, amalamula kuti zotsatira zikhale poyera. Ngati palibe, ikani mutuwo mu Google Scholar, nthawi zambiri kumbali kumakhala PDF yoikidwa ndi yunivesite ya wolemba.

Kwa ophunzira ndi ogwira ntchito zaumoyo pali Hinari, dongosolo lomwe WHO idakhazikitsa mu 2002 mogwirizana ndi makampani osindikiza magazini, ndipo tsopano lili pansi pa Research4Life. Malawi ali m'gulu la maiko amene amawerenga mwaulere. Dongosololi sililembetsa munthu payekha. Limalembetsa mayunivesite, makoleji a zaumoyo, zipatala zophunzitsira, maofesi a boma ndi mabungwe ofufuza, ndipo woyang'anira laibulale ndi amene amasunga njira yolowera. Ngati mumaphunzira ku KUHeS, ku Malawi College of Health Sciences kapena ku koleji ya anamwino ya mishoni, kafunseni ku laibulale. Zikakanika zonsezi, lemberani wolemba. Adiresi yake ya imelo imakhala pa lipotilo, ndipo ofufuza ambiri amasangalala kutumiza ntchito yawo kwa woifuna.

Pa nkhani ya bandulo, masamba a PubMed ndi opepuka chifukwa ndi mawu okhaokha. Chimene chimadya ndi ma PDF okhala ndi zithunzi. Werengani chidule kaye, makamaka ndime ziwiri zomaliza za Results ndi Conclusions, ndipo mutsitse lipoti lathunthu pokhapo mwaona kuti likuyankha funso lanu.

Zimene mwapeza pitani nazo kwa amene akusamalira wodwalayo, kaya ku Limbe, ku Bangwe kapena ku Gulupu, musanasinthe mankhwala alionse. Lipoti limanena za gulu la anthu, pamene dokotala kapena kiliniko amadziwa impso za mayi anu, mankhwala ena amene akumwa, ndi zimene zilipo kufamase. Amene ali kutali ndi chipatala angathe kuimbira Chipatala Cha Pa Foni. Simufunika kusindikiza masamba. Lipoti lililonse mu PubMed lili ndi nambala yakeyake yotchedwa PMID, yolembedwa pansi pa maina a olemba. Ilembeni pakapepala muike m'buku la kuchipatala, ndipo dokotala akailemba mu PubMed lipotilo lidzatuluka lokha.